Nthochi Imene Anaikwirira ku Bwanje

Ntchito imeneyi inandipeza ndikugulitsa tomato pa Nsipe, mwana wanga Tadala ali kumsana, bambo ake atasiya kuyimba foni kuchokera ku Joni. A Chimphonda, mphunzitsi wopuma, anaima pabenchi panga kufunsa njira ya kumudzi wina. Ndinawalozera, n'kuwauzanso kuti mudziwo unagawikana, ena anatsikira ku Kasinje. Anandiyang'anitsitsa.

"Mumalemba, mayi?"

"Ndinalekezera sitandade 7."

"Zakwana. Ine miyendo inatha."

Ntchito yawo inali yofufuza mibadwo. Adzukulu a matchona, obadwira ku Joni kapena ku Zimbabwe, ankawatumizira dzina ndi chithunzi cha agogo awo kuti awapezere kwawo. Ine ndinali woyenda. Anandipatsa kope lachikuto cholimba, foni yojambulira mawu ndi pensulo. Bolopeni anandikaniza, ati mayina amasintha: munthu anachoka kuno ali Kadzakumanja, kumgodi n'kukakhala Jemusi. Ukafika umayamba wafunsa mfunda, kenako mudzi wa amayi ake, chifukwa kumene mwamuna anakwatira anali mkamwini chabe. Umafunsa anthu atatu, aliyense payekha. Chithunzi umatulutsa pomaliza, iwo atamufotokoza kale munthuyo.

"Mukayamba ndi chithunzi, aliyense ndi m'bale wake," ankatero a Chimphonda. "Ndipo zimene mukudziwa muzinena momwe zilili. Osathira shuga."

Ndinkayenda ndekha, wolankhula naye ndi Tadala amene sanali kuyankha. Ndinkaopa agalu, ndinkaopa manda, ndinkaopa a kabaza akakhotera njira yachidule. Kumatchalitchi ndinkavundukula mabuku a ubatizo odyedwa ndi chiswe, diso limodzi lili pakhomo.

Tsiku lovuta linali la ku Bwanje, mwezi wa Okutobala. Mayi wina wa ku Joni ankafuna abale a agogo ake aamuna, Jemusi wa mfunda wa Mbewe, amene anamwalira komweko atakalamba, atasiya ana asanu ndi mmodzi. Ankafuna abale amagazi basi, pepala lake linatero. Kumudzi kwa amayi a Jemusi ndinapeza alongo ake onse anatha kufa. Amuna awiri anamukumbukira pang'ono, n'kundilozera mudzi wa kutsidya kwa minda ya mpunga. "Mukafunse a Nachisale, ndiwo anali akazi ake."

Ndinawapeza akupeta mpunga, nkhalamba yowonda, yamaso akuthwa. Ndinayatsa foni, n'kuwafunsa za Jemusi.

"Khutu lamanzere linali long'ambika, ng'ombe inamubaya ali mnyamata," anatero. "Anachoka ndili ndi pakati. Patapita zaka zitatu mnzake anabweretsa bulangete ndi chipewa, ati mgodi wamugwera. Tinakulunga thunthu la nthochi m'bulangetemo n'kuika m'manda. Mpaka lero ndimakalambula. Wafunsiranji?"

Chithunzi chinali m'kope, pabondo panga. Mdala wonenepa, wa imvi, atavala suti, khutu lamanzere long'ambika. Ndinaganiza zonama, ndinene kuti si yemweyo, ndibereke mwana ndizipita. Akanadziwa ndani? Mayi wa ku Joni uja za mkazi sanafunse n'komwe. Koma maso aja anali pakope.

"Iwe, chimene wakanikiza ndi dzanjacho n'chiyani?"

Ndinawapatsa. Ndinanena zonse mothamanga ngati ndikuthamangitsidwa: sanafe mumgodi agogo, anakwatiranso, anabereka, wamwalira posachedwapa.

Anachiyang'ana nthawi yaitali. Nkhuku zinayamba kujompha mpunga m'lichero, iwo osaziingitsa.

"Ananenepa, galu ameneyu," anatero. Anaseka kamodzi, kuseka kouma. "Ndiye zaka zonsezi ndakhala ndikupalira nthochi?"

Tadala anayamba kulira, ndinamutembenuza kuti ayamwe.

"Bambo wa ameneyu ali kuti?"

"Ku Joni."

"Amayimba?"

"Ankayimba."

Anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana pansi. Sanandilangize chilichonse. Anangokankhira chikho cha madzi kwa ine, n'kugogoda pakope ndi chala.

"Papepala lakolo ine ndili pati?"

"Palibe malo anu, agogo. Afuna amagazi okha."

"Pezapo malo. Lemba kuti Nachisale, mkazi woyamba. Lembanso Enelesi, mwana amene bambo ake sanamuonepo, ali ku Kasinje ndi adzukulu. Amenewo si magazi? Adziwe kumeneko kuti munthuyo sanagwe kumwamba. Pali amene anamuchapira zovala tsiku lonyamuka."

Ndinalemba m'mphepete mwa pepala, timalemba tating'ono, pensulo ikuterera ndi thukuta. Chithunzi anakana kubweza. Njira yonse pakabaza ndinkangoganiza kuti ntchito yatha, ndataya katundu wa eni ake.

A Chimphonda anamvetsera mawu onse a mufoni osandidula. Atatha anavula magalasi, n'kutenga rula, n'kujambula mzere watsopano pafomu yawo: Amene anatsala.

Kuyambira pamenepo ndikafika pamudzi sindifunsa za wochoka yekha. Ndimafunsanso amene anamuperekeza pamsewu, ndipo ndimawauza zoona. Kumapeto kwa kope langa ndinatsegula tsamba la Tadala. Dzina la bambo ake, mfunda, mudzi wa amayi awo, chipsera cha pachibwano, zonse ndinalemba ndi pensulo monga mwa lamulo. Langa ndinalemba ndi bolopeni.