Galimoto Yosungira Ulendo Waukulu

Mumsewu wawo aliyense ankangowatchula kuti a Dalaivala, ngakhale kuti padali patatha zaka 17 chipumireni pa ntchito, ndipo anthu ambiri a mumsewumo adali asanawaonepo atagwira chiwongolero. Ankawaona akuyenda wapansi, malaya opisira, nsapato zopolishidwa, ambulera m'khwapa. Galimoto adali nayo ndithu, yoyera, koma inkakhala m'kashedi ka malata kuseri kwa nyumba, yofunditsidwa chinsalu ngati munthu wodwala malungo.

Ntchito adagwira zaka 31 pa kampani yogulitsa mabuku a sukulu, ndipo kumeneko mfumu ya zonse lidali buku la maulendo. Ulendo uliwonse dalaivala ankalemba tsiku, kochokera, kopita, makilomita ndi okwera. Oyilo ankasintha pa makilomita 5,000. Lamba wa injini, uja akaduka amaononga injini yonse, ankasintha pa 100,000. Matayala ankasintha mano akatha. Galimoto za pakampanipo zinkayenda osapuma, moti makilomita onsewo ankakwana m'zaka ziwiri zokha, ndiye nkhani ya zaka palibe adaitchulapo. A Dalaivala adachoka pantchitopo ndi chiphunzitso chimodzi chokhazikika m'mafupa: galimoto imakalamba ndi msewu, ukaisunga siikalamba.

Atapuma adagula galimoto yawoyawo, yatsopano, ndipo adagulanso buku la maulendo, poti chizolowezi sichipuma pa ntchito. Cholinga chidalipo. Mwana wawo mmodzi yekhayo adakwatiwa kutali, makilomita 900, ulendo wa masiku awiri, ndipo iwo ndi akazi awo adapangana kuti adzapita kukamuona pa galimoto yawo, akuima paliponse pamene mtima wafuna. Ankautchula kuti ulendo waukulu. Galimotoyo idayenera kudzafika kumeneko ili yatsopano, apongozi adzaone okha.

Chaka choyamba mvula idaononga msewu. Chaka chachiwiri msewuwo ankaukonza. Kenako mwanayo adasamuka nyumba, kenako adabwera yekha pa basi ndi ana, ndiye panalibenso chothamangira. Zifukwa zidalipo chaka chilichonse, ndipo chilichonse chidali chomveka. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Pa zaka zonsezo akazi awo ankavutika ndi maondo. Mwezi ndi mwezi ankayenera kupita ku chipatala chaching'ono cha kumunsi kwa chitunda kukatenga mankhwala, ndipo ankapita wapansi. Kupita kunalibe vuto, koma pobwerera chitundacho chinkawadya. Pakati pake pali kakhoma ka simenti kotchinga ngalande, ndipo apo ndi pamene ankakhala pansi, akusisita bondo.

"Bambo a mwana," ankatero akupuma mwawefuwefu, "mkazi wanu wamng'ono uja adakagonabe? Ine wamkulu ndikukwawa pano, iye ali m'bulangete."

"Maulendo aafupi ndi amene amapha injini, mayi a mwana. Sunga khosi, mkanda woyera udzavala."

"Khosi ndasunga. Maondo ndi amene akukana."

Ankaseka onse awiri, n'kunyamuka. Munthu asaganize kuti a Dalaivala adali ankhanza, ayi. Chikwama ankanyamula ndi iwo, ambulera ankagwira ndi iwo, ndipo pakhomapo ankadikira osanyinyirika. Kungoti m'mutu mwawo kilomita iliyonse ya ku chipatala idali yobedwa ku ulendo waukulu. Tsiku limene adavomera kuwanyamula pa galimoto mosawerengera, ulendo wake udali wa ku chipatala chachikulu, ndipo adabwerako mpando wa kumanzere uli wopanda munthu.

Padali patatha zaka zinayi chimwalirireni akazi awo. Nyumba idakula. M'mawa ankatsitsa makapu awiri pashelefu, n'kubwezera imodzi. Wailesi ankaisiya ikulankhula tsiku lonse kuti m'nyumbamo mumveke mawu a munthu. Loweruka lililonse ankavundukula galimoto, kuipukuta, kuiliza mphindi khumi ili pomwepo, n'kukhala m'katimo manja ali pa chiwongolero. Mpando wa kumanzere udali chikankhire kumbuyo, monga mmene akazi awo adausiyira kuti aongole miyendo. Ankasungulumwa kwambiri, ndipo Loweruka ndi limene linkawapweteka koposa.

Tsiku lina masana foni idalira. Adali mwana wawo.

"Bambo, ndatopa n'kukuitanani. Tikusamukira kunja, bambo a ana apeza ntchito. Tinyamuka pakatha masabata awiri, ndipo sindikudziwa kuti tidzabwera liti. Ine sindingachoke, ana akulemba mayeso, mapepala sanathe. Mukapanda kubwera panopa, sindikudziwa kuti tidzaonana liti."

"Ndibwera, mwanawe."

"Mumatero chaka chilichonse. Ingokwerani basi, chonde."

"Ine dalaivala ndikwere basi galimoto ili m'shedi? Ndidalonjeza amayi ako."

"Amayi adadikira mpaka kutopa, bambo. Ine ndili ndi masabata awiri okha."

M'mawa mwake adapita nayo ku galaja kuti akangosintha oyilo. Galajayo idali moyang'anana ndi kachipatala kaja. Makaniko amene ankadziwana naye kale adali atamwalira, ndipo ntchito idatsala m'manja mwa mwana wake, mayi wa zaka za m'ma 40, wolankhula pang'ono, wa ovolo yakuda ndi girisi. A Dalaivala adatsika monyadira, n'kumuitana kuti aone mita.

"Taona apo, mwana wa mnzanga. Makilomita 19,000 basi. Unaionapo yotere?"

"Ndi yokongola, bambo. Mukupita nayo kuti?"

"Kwa mwana wanga, asanasamuke pakatha masabata awiri. Makilomita 900."

Makaniko adagwada pa tayala la kutsogolo, n'kupukuta m'mbali mwake ndi kansanza. Kenako adatsegula boneti, adasuzumira, adafinya apa ndi apo, adamasula kachivundikiro n'kuunika ndi tochi. Ataweramuka adapukuta manja nthawi yaitali.

"Bambo, iyi siikafika."

"Wati chiyani?"

"Matayala onse anayi ndi la sipeya lomwe, lamba wa injini, mapaipi a madzi, mafuta a mabuleki. Zonsezi n'zosintha."

A Dalaivala adaseka, kuseka kwa munthu amene wagwira wakuba. Adalowa m'galimoto n'kutuluka ndi buku lawo.

"Ine ndayendetsa galimoto iwe usanabadwe. Lamba amasintha pa 100,000, tawerenga apa. Matayala awa mano ake ali onse. Bambo ako sakadandiuza zimenezi."

"Akadakuuzani, mwinanso mokalipa." Makaniko adalandira bukulo mwaulemu ndi manja awiri, n'kutsegula masamba angapo. "Buku lanu ndi laukhondo, bambo. Danga la makilomita ndaliona. Nanga la zaka lili pati?"

Adawatengera pa tayala n'kuwalozera timanambala tinayi tolembedwa m'mbali. Tiwiri toyamba, adatero, ndi sabata limene tayalalo lidapangidwa, tiwiri tomaliza ndi chaka. Matayalawo adali ndi zaka 17, pamene tayala likapitirira zaka khumi salidaliranso, ngakhale litakhala kuti silinaponde msewu. Adawauza kuti ayendetse chala m'mbalimo. A Dalaivala adamva timing'alu tambirimbiri, ngati chidendene cha munthu woyenda wopanda nsapato.

"Zinthu za labala siziwerenga makilomita, bambo, zimawerenga zaka. Zikangokhala zimauma. M'tauni muno mungayende nazo, koma pa msewu waukulu, dzuwa lili pamutu, tayala ili liphulika. Lamba uyu akaduka muli pakati pa ulendo, injini yapita, ndipo masabata anu awiriwo athera m'mbali mwa msewu."

"Ukufuna kundigulitsa katundu iwe."

Makaniko sadakwiye. Adamasula paipi imodzi ya madzi n'kuwapatsa. "Ipindeni nokha."

Adaipinda pang'ono chabe, ndipo idang'ambika m'manja mwawo, tizidutswa takuda tikugwera pa nsapato zopolishidwa zija. Adaiyang'ana nthawi yaitali. Zaka 17 akuifunditsa galimotoyo, akuipukuta, akuiletsa kuyenda, koma iyo inkakalamba mwakachetechete pansi pa chinsalucho.

"Zitenga masiku angati?" adafunsa motsitsa mawu.

"Atatu. Lambayo ndiyenera kuitanitsa."

Adabwerera kunyumba wapansi. Atafika pa kakhoma ka simenti adapeza kuti nawonso akufuna kukhala, ndipo adakhala, ambulera pakati pa miyendo. Magalimoto ankadutsa akukwera chitundacho mosavutika. Palibe adawalankhula. Masiku atatuwo adali aatali. Shedi idali pululu, ndipo Loweruka litafika adapezeka ataima pakhomo pake ndi ndowa ya madzi, opanda choti atsuke.

Lolemba adakapeza galimoto itakonzedwa. Matayala akale adali atawaunjika pakona, limodzi pamwamba pa linzake.

"Akalewa titaye, bambo, kapena mutenga?"

A Dalaivala adapita pamuluwo n'kupisa chala pakati pa mano a tayala la pamwamba. Chala chidalowa mpaka pa mfundo.

"Zimandimvetsa chisoni," adatero makaniko akulemba kapepala ka ntchito, osayang'ana nkhope yawo. "Mano onse alipo. Akadayenda makilomita 40,000 ena bwinobwino. Mukadangowagwiritsa ntchito, bambo, poti kutha adatha ndithu."

Iye ankanena za matayala basi, ndipo adadabwa kuona mkuluyo akutembenukira kukhoma n'kumafufuza mpango m'thumba.

"Taya," adatero a Dalaivala.

Potuluka pa galajapo, dzanja lawo lidachita zimene lidazolowera kwa zaka 31: lidadina kabatani kobwezera mita yaing'ono pa ziro. Geti la kachipatala lidali tsidya lina la msewu. Adakhotera kumanja n'kuyamba kukwera. Galimoto idakwera chitundacho ngati palibe chitunda. Kakhoma ka simenti kadangowoneka pa windo n'kutsala m'mbuyo asanasinthe n'komwe giya. Atafika pakhomo pawo adayang'ana mita. Idalemba 1.8.

Sadazimitse injini. Mutu wa dalaivala udayamba kuwerenga wokha, iwo asakufuna. Kupita ndi kubwera, 3.6. Kamodzi pa mwezi, kwa zaka 13 zimene akazi awo adakwera chitundacho. Zonse pamodzi sizinkafika n'komwe makilomita 600. Adawerenganso kachiwiri, poganiza kuti alakwitsa, koma yankho silidasinthe. Zimene adapulumutsa pa maondo a akazi awo sizinkakwana ngakhale ulendo umodzi wopita kwa mwana, ndipo zidali zitaunjikidwa pakona ya galaja, zikudikira kutayidwa.

Adayang'ana mpando wa kumanzere. "Mundikhululukire, mayi a mwana," adatero mokweza, ndipo adalira monga sadalirepo ngakhale pa maliro.

Galimotoyo sadailowetsenso m'shedi. Chinsalu chija adachipinda n'kuchisiya pakhonde. M'mawa kutacha adaika chikwama m'buti, adazimitsa wailesi imene idali isanazimitsidwepo masana kwa zaka zinayi, adakhoma nyumba, n'kuimba foni.

"Ndanyamuka, mwanawe."

"Zoona, bambo? Mwakwera basi iti kuti ndidzakuchingamireni?"

"Palibe basi. Ndikubwera pa galimoto ya amayi ako."

Asanatulutse galimoto pageti adatsegula buku la maulendo pa chiwongolero. Adalemba tsiku, adalemba kochokera, adalemba kopita. Pa danga la okwera cholembera chidaima kanthawi. Kenako adalemba kuti "ndekha", adaika bukulo pa mpando wa kumanzere, n'kulowa mumsewu.