Tsiku Limene a Sitima Anaona Maliro Awo

Mlamu wanga Sitima ndi munthu wamfupi, wamakani, ndipo makutu ake anakula kuposa mutu. Ndikunena mosaopa chifukwa anakwatira mlongo wanga Rozaria, ndiye ufulu womunena ndili nawo mpaka kumanda.

Anabwera kwathu ku Nkhulambe ngati mkamwini, atanyamula mphasa ndi khasu basi. Makolo ake anachokera ku Mozambiki, ndipo anamwalira iye akadali mnyamata wothyola tiyi ku Mulanje. Kuno ankalima chimanga, chinangwa ndi nandolo m'munda wa mkazi wake. Koma ntchito imene anthu amamudziwa nayo ndi yoimba belu la kutchalitchi.

Belu lathu si belu lenileni. Ndi limu ya tayala la lole yopachikidwa mumtengo wa mango, ndipo timaimenya ndi chitsulo. Lili ndi maimbidwe awiri. Lamulungu amamenya mofulumira, ngati akukuthamangitsa. Kukagwa maliro amamenya kamodzi, n'kudikira kuti mawu akathere kuphiri, kenako kamodzinso. Ngakhale mwana kuno amadziwa kusiyana kwake. Sitima anaimba belu limeneli zaka makumi awiri ndi zisanu wopanda wotchi, ankangoona pamene dzuwa lafika paphiri.

Matipate atangoyamba, matenda a Edzi aja anatilowerera, ndipo belu la maliro linkalira kawirikawiri kuposa la mapemphero. Anaimbira ana a eni ake, kenako anaimbira ake awiri, Davison ndi Anastazia, m'chaka chimodzi. Ndinamuuza kuti andipatse chitsulo ndimuimbire. Anakana.

“Alamu, manja anuwo ndi ogwirira chipanda cha masese, osati zinthu za Mulungu.”

Sananame kwenikweni.

Pa njala ya 2002, Rozaria anadwala sabata imodzi n'kutisiya. Sitima anamuimbira belu yekha, n'kuponya chitsulo patsinde pa mango. Titabwerako kumanda analowa m'nyumba n'kudzitsekera. Mwambo wathu ndi wakuti mkazi akamwalira, mkamwini amasudzulidwa n'kubwerera kwawo. Palibe anamuuza kuti achoke, koma iye anali atadzisudzula kale mumtima, chonsecho kwawoko kunalibe. Anayamba kukana chakudya. Ndikapita ndi makaka, chinangwa chouma chija, ankandiyankhira mkati.

“Kapatseni ana, alamu. Ine Mulungu anandiiwala. Ndikungodikira akumbukire pamene anandisiya, adzanditole.”

“Ndiye mufe ndi njala m'chaka cha njala? Adzadziwa ndani kuti munanyanyala?”

Sanaseke. Apo ndiye ndinachita mantha, chifukwa munthu ameneyu sanalolepo kuti mawu omaliza akhale anga.

Masabata awiri anatha belu osalira. Lamulungu lotsatira akulu a mpingo anapempha ine kuti ndiliimbe, poti ndimakhala pafupi ndi tchalitchi. Ndinatola chitsulo chija, koma ndi cholemera, ndipo phewa langa lamanja linatha kalekale. Ndinamenya kamodzi, n'kupuma. Ndinamenyanso, n'kuima kusisita phewa. Ndinapitiriza choncho. Ena mpaka lero amati ndinachita dala. Ine ndimati ndi nyamakazi.

Mudzi wonse unamva belu la maliro, ndipo palibe anafunsa kuti ndani. Aliyense ankadziwa amene wagona osadya. Azimayi anasiya njira ya kutchalitchi n'kulunjika kwa Sitima akulira, aliyense atasenza nkhuni ndi kambale ka chakudya monga timachitira pa zovuta. Chaka chimenecho chakudya chinali chosowa. Wina anabweretsa gaga, wina kalongonda, wina nandolo wongodzaza chikhatho. Azibambo anafika ndi makasu okumbira manda. Amayi a mpingo anakhala pakhonde n'kuyamba nyimbo.

Ine pofika ndi liwiro langa lachikalamba kuti ndiwaletse, ndinapeza chitseko chikutseguka. Sitima anatuluka atagwirira khoma, ataonda ngati phesi. Azimayi awiri anathawira m'chinangwa.

“Wamwalira ndani?” anafunsa.

“Inuyo, a Sitima,” anayankha a Eliness, mtsogoleri wa amayi a mpingo, amenenso ndi wamkulu pa mbumba yathu. “Tamva belu.”

“Waimba ndani belu limenelo?”

Anthu onse anatembenukira kwa ine.

Ndinkayembekezera kuti anditukwana. Koma maso ake anali pa timbale tija titandandalikidwa pansi, pa mulu wa nkhuni, ndi pa anthu amene anadzaza bwalo mpaka kumunda. Anakhala pansi n'kuyamba kulira, kulira kumene sanalire ngakhale pa maliro a mkazi wake. A Eliness anamusiya alire, kenako anasendera pafupi.

“Tamva zoti mukuganiza zochoka. Mupita kuti, bambo? Mkazi wanu wagona kuno, ana anu agona kuno. Munda ndi uwo. Amene akusudzuleni ayambe wadutsa pa ine.”

Amayi aja anayambanso kuimba, koma tsopano nyimbo ya kuuka kwa akufa. Mapemphero a tsiku limenelo anachitikira pabwalo pomwepo. Pa nkhuni za maliro ake anamuphikira phala la gaga, ndipo anamwa ife tikuona, pang'onopang'ono, mpaka kupala mbale ndi chala.

Patapita masiku, tikupalira nandolo, anandiuza mawu amene sindinawaiwale.

“Ine ndinkapempha Mulungu kuti anditenge. Iye m'malo mwake ananditumizira anthu anjala atanyamula chakudya chawo chomaliza. Ndiye ndinganenenso bwanji kuti anandiiwala?”

“Ndipo anatuma ine,” ndinatero.

“Eya. Analankhulapo kudzera mwa bulu kale, ndiye inu alamu simukanamuvuta.”

Sitima amamusowabe Rozaria, ndipo masiku ena ndimamupeza atangokhala duu kuyang'ana kuphiri. Koma Lamulungu lililonse belu limalira mofulumira, moti ngakhale ife aulesi timadzuka. Chitsulo chija samachisiyanso patsinde pa mango. Amapita nacho kunyumba n'kuchibisa pansi pa mphasa, akuti kuopa kuti ndingaphenso munthu wina.