Piyano ya abambo panjira ya kumanda

Ndinadzuka kusanache, nkhungu ya ku Ligowe itakuta mapiri onse. Amuna amene anachezera pamaliro a abambo anga anali akuwothabe moto uku akukangana za zipani, poti masiku amenewo pakamwa panali patangomasuka kumene. Pakati pawo panali wailesi ya abambo. Anali ataikhalira usiku wonse kusaka nkhani. Mtima unandipweteka, chifukwa mabatire ena panalibe ndipo ku Boma n'kutali.

Wailesiyo inali ndi ntchito yake tsikulo. Abambo anali mphunzitsi, ndipo dokotala wina wa pamishoni pobwerera kwawo anawasiyira mbale ziwiri zakalekale za galamafoni, zimene iwo anadzazijambulitsa pa kaseti. Nyimbo ya piyano inali imodzimodziyo, koma oyimba anali awiri. Wina ankathamanga ngati wasiya ndiwo pamoto, winayo ankakoka pang'onopang'ono, kumapumira panjira. Abambo ankakonda wothamangayo, amayi wodekhayo, ndipo ife tinakulira mu mkangano umenewo. Matenda awo atakula, abambo anandigwira dzanja n'kundilamula kuti popita kumanda ndidzawaikire wawoyo, osati wa amayi. Ndinalonjeza.

Dzuwa litakwera anthu anadzaza bwalo mpaka m'munda wa mbatatesi. Azimayi a zitenje za zipani zosiyana ankaphikira nyemba pa mafuwa amodzi, utsi ukuwaliza mofanana. Akuluampingo anayamba akana zoti kaseti ilire pamaliro, koma anadzalola kuti tikawoloka mtsinje popita kumanda kwaya ikhale chete, kasetiyo ilire.

Titawoloka ndinasenza wailesi paphewa n'kutsegula. Piyano inayamba mwaliwiro lake lija, moti onyamula bokosi anayamba kuponya miyendo osadziwa, agogo ena n'kutsalira m'mbuyo akudandaula. Ndinasangalala. Koma pokwera chitunda mabatire anayamba kufooka. Nyimbo inayamba kukoka, mawu n'kunenepa, wothamanga uja n'kumayenda ngati watopa ndi phiri. Ndinaigwedeza, ndinaimenya, osathandiza. Manyazi anandigwira kuti lonjezo landikanika pamaso pa anthu.

Amayi anali pambuyo pa bokosi, atagwiriziridwa ndi anzawo awiri. Anadzutsa mutu n'kumvetsera. Kenaka analankhula molunjika bokosilo, mokweza ndithu.

“Mwaonatu abambo? Lero mwavomera. Nyimboyi imayenda chonchi.”

Amene ankaudziwa mkanganowo analephera kudzigwira. Kuseka kunayambira kwa azakhali, kukafika mpaka kwa onyamula bokosi, ndipo amayi ankaseka misozi ili chuchuchu. Piyano inatiperekeza modekha choncho mpaka inazima yokha polowa kumanda.

Madzulo anthu atabalalika, m'nyumba munali zii. Ndinapeza amayi atakhala pampando wa abambo, wailesi yakufayo ili pamiyendo.

“Mawa ulawirire ku Boma ukagule mabatire,” anatero. “Ndikufuna ndimumve bwinobwino wothamanga uja. Zaka zonsezi sindinamumvetserepo. Ndinkangotsutsa bambo ako basi.”