Tsiku Limene A Giya Anaimitsa Basi

Alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, anayendetsa basi ya mtunda wautali kwa zaka makumi awiri ndi zitatu. Kudepoti ankawatchula kuti a Giya, chifukwa akamasintha magiya wokwera sankagwedezeka n'komwe. Dzinalo linafika mpaka kunyumba, moti ngakhale achemwali akakwiya ankati, "A Giya, nsapato zanuzi pakhomo pano achotse ndani?"

Anali munthu wathupi, wokonda tiyi wa masupuni anayi a shuga. Ine ndikawaseka kuti, "Alamu, mimbayo ikukanganatu ndi chiwongolero," ankandiyankha kuti, "Ndi achemwali akowa, akundinenepetsera dala kuti ena asandisirire."

Matendawa anayamba ndi ludzu losatha. Kenako kukodza pafupipafupi, mpaka ankaimitsa basi patchire n'kunamizira kuti akukaona tayala. Ataonda mpaka kuboola lamba kawiri, achemwali anawakokera kuchipatala. Anawapeza ndi shuga. Anayamba ndi mapiritsi, koma patapita zaka ziwiri adokotala anati mapiritsi okha sakukwanira, ayambe kudzibaya jakisoni.

Kuchipatalako kunali maphunziro a odwala shuga Lachitatu lililonse m'mawa, m'kachipinda ka mabenchi anayi kuseri kwa kolandirira mankhwala. Namwino wake anali mayi wamfupi, wosachedwa kuseka. Ankajambula mbale pabolodi n'kuigawa: theka masamba, mbali ina nyemba kapena nsomba, kotsalako mpunga kapena buledi. Ankawaphunzitsa kubaya chala ndi kuwerenga kamakina koyezera shuga, kuyang'ana mapazi tsiku lililonse ngati pali bala, komanso kudziwa shuga akatsika kwambiri.

Tsiku loyamba alamu anakweza dzanja.

"Amayi, mwati tikabaya tizidya pa nthawi yake. Nanga ine amene nthawi yanga amandiuza ndi msewu?"

"Kawauzeni abwana anu, akukonzereni maulendo," anatero namwino.

Alamu anangoti zikomo. Ankadziwa kuti akangotsegula pakamwa, makiyi awalanda. Pakhomo panali ana atatu apasukulu, ndiponso iwo kupatula chiwongolero sankadziwa ntchito ina. Choncho anabisa.

Vuto lina linali lakuti Lachitatu linali tsiku lawo la ulendo. Kumaphunziroko anangopitako kawiri. Amene anapitiriza anali achemwali, munthu yekhayo m'kachipindako amene analibe shuga. Ankakhala pabenchi yakutsogolo ndi kope, kulemba chilichonse, ndipo amuna awo akabwera ankawakhazika pansi.

"Vulani masokosi ndione."

"Iwe, ndangofika kumene."

"Namwino wati pakati pa zala ndi pomwe pamayambira. Kwezani phazi."

Tiyi anasanduka wopanda shuga. Alamu ankamwa atatsinzina, n'kumati akumwa madzi otsukira mbale. Mankhwala ankawaika m'kabotolo kosunga kuzizira pansi pa mpando wa dalaivala, ndipo ankadzibaya m'chimbudzi cha kudepoti atakhoma chitseko, anzawo akugogoda kunja. M'thumba la malaya achemwali ankawaikira maswiti atatu. Anakhala choncho chaka ndi miyezi ingapo, kuopa shuga akakwera, kuopa akatsika, kuopanso aliyense amene wawayang'anitsitsa.

Tsiku lina anabaya m'mawa, koma anangodya pang'ono chifukwa basi inali itadzaza kale. Ankati akadya bwino pamalo opumira. Panjira anapeza akukonza mlatho, magalimoto akudutsa imodziimodzi, ndipo anatayapo maola awiri. Atawoloka, dzuwa lili pamutu, anamva manja akunjenjemera pachiwongolero. Thukuta lozizira linatsika m'khosi. Mzere woyera wa pakati pa msewu unayamba kuoneka ngati mizere iwiri.

Anadzandiuza pambuyo pake kuti mtima wina unkati limbikira, kwangotsala mphindi makumi awiri. Koma anakumbukira mawu amene akazi awo anawalemba m'kope n'kuwadula mzere kunsi: mukamva kunjenjemera musadzilimbitse, imani pomwepo. Anapatutsa basi, n'kukoka buleki yamanja, n'kuponya maswiti onse atatu m'kamwa.

M'basimo munabuka phokoso.

"Taima chifukwa chiyani?"

"Tamuonani thukutalo! Waledzera ameneyu!"

Kondakitala, mayi amene anayenda nawo zaka zisanu, anabwera kutsogolo n'kuwayang'ana kumaso. Sanafunse kanthu. Anatenga chakumwa chotsekemera ndi buledi m'chikwama chake, n'kuwapatsa, kenako anatembenukira anthu aja.

"Injini yatentha. Amene akufulumira atsike ayende wapansi."

Onse anadikira kufikira manja a alamu atakhazikika. Alamu anadziyeza ndi kamakina kaja atabisa m'miyendo, n'kufikitsa anthu onse bwinobwino. Koma wokwera wina anali ataimba kale foni ku ofesi kuti dalaivala wamwa mowa.

M'mawa mwake bwana woyang'anira madalaivala anawaitana. Patebulo panali pepala la dandaulo lija.

"A Giya, zaka zonsezi mulibe mlandu. Ndiuzeni, munamwa?"

Alamu anaona kuti njira zatsala ziwiri basi, kutchedwa chidakwa kapena kuulula. Anatsegula chikwama n'kutulutsa kamakina, majakisoni ndi kabuku kachipatala, n'kuziyala patebulopo.

Bwanayo anatenga kabukuko n'kukatembenuza.

"Munachita bwino kuima," anatero. "Koma munandibisira. Sindingakupatseninso anthu makumi asanu ndi limodzi."

Sanawachotse ntchito. Anawaika m'yadi, kuti azisuntha mabasi kuchoka potsukira kupita kugalaja, kuchoka kugalaja kupita pamzere wonyamukira. Yadiyo ili ndi mpanda wa njerwa wautali, pamwamba pali waya. Ulendo wawo wautali tsopano ndi wochoka pampopi kukafika pachipata, ndipo akafika pamenepo amatsika, n'kupereka makiyi kwa mnzawo.

Chodabwitsa n'chakuti shuga wawo sanakhalepo bwino ngati mmene alili panopa. Amadya pa nthawi yake. Lachitatu amawalola kupita kuchipatala, ndipo namwino uja amawaimitsa kutsogolo kuti aonetse atsopano mmene angadzibayire osachita mantha. Achemwali akuti tsopano mtima wawo uli m'malo. Pamaso pa amuna awo sanena zimenezo.

Chaka chatha adokotala anawalembera kalata yonena kuti akudzisamalira bwino ndipo amadziwa zizindikiro zawo. Alamu anaiika m'envulopu yatsopano, anavala malaya ositidwa, n'kukaipereka okha ku ofesi, kuti mwina awabwezere pamsewu. Bwana anailandira ndi manja awiri, anati akambirana ndi akuluakulu. Papita miyezi khumi ndi inayi. Lolemba lililonse amadutsira ku ofesi, ndipo mlembi akangowaona pakhomo amapukusa mutu asanafunse n'komwe.

Sabata yatha ndinakawaona kuyadiko masana. Ndinawapeza atakhala patayala lakale pamthunzi wa galaja, kabokosi ka chakudya kali pamaondo.

"Alamu, mwatsitsimukatu. Nkhope yabwerera," ndinatero.

"Eya, ndachira kuti ndizilondera mpanda," anayankha. Anaseka pang'ono, n'kundipatsa chidutswa cha nkhaka.

Ndinawafunsa ngati sangayese kufunsira ntchito kwina. Anati kulikonse adzafuna kalata yochokera kuno, ndipo m'kalatamo mudzalembedwa zomwezi. Tisanapitirize, makanika wina anakuwa kuchokera mkati kuti basi ya pa dzenje lokonzerapo yatha kukonzedwa, ichotsedwe. Alamu anatseka kabokosi kaja, anapukuta manja pathalauza, n'kundiuza kuti ndiwadikire, sachedwa.