Chithunzi Chopanda Mayi

Chitinicho ndikadali nacho. Chinali cha mkaka wa ufa, koma amalume anachipaka utoto wakuda mkati monse, ndipo pambali anaboola kabowo ndi singano ya mayi, kakang'ono koti sungakaone pokhapokha utalozetsa chitinicho kudzuwa. Pakabowopo ankamatapo kachidutswa ka mphira wa njinga. Masiku ano ndimasungiramo mabatani ndi ulusi. Koma nyengo ina ndili mwana, kwathu m'mbali mwa nyanja ya Chiuta, ndinkachiopa chitini chimenechi kuposa ng'ona.

Bambo anamwalira ine ndili kumsana, choncho amalume anasiya ntchito ku Balaka kudzakhala nafe. Kumeneko ankatsuka zithunzi mu situdiyo ya munthu wina. Mzungu amene ankabwera kudzagula mapepala ndiye anawaonetsa kuti chitini wamba chimajambula, popanda galasi, popanda batire. Umaika pepala mkati uli mumdima, n'kutseka, n'kukachikhazika pamwala. Ukachotsa mphira uja, kuwala kumalowa pakabowo pang'onopang'ono. Amalume analibe wotchi. Ankatsegula kabowo, n'kumwa tiyi wawo, kapu ikatha n'kutseka.

Mzunguyo pobwerera kwawo anawalowetsa m'gulu la anthu ojambula ndi zitini. Anthuwo sankadziwana maso. Wina anali ku Japan, wina ku Poland, wina ku Chile, ena m'mayiko amene ngakhale aphunzitsi athu ankayamba awafunafuna pamapu. Anali ndi tsiku limodzi pachaka limene anapangana kuti aliyense ajambule kwawo, kenako n'kutumizirana. Kuseri kwa chithunzi aliyense ankalemba dzina la dziko lake ndi zilembo zikuluzikulu. Amalume ankakwera sitima kukatenga maenvulopu ku positi ofesi ya ku Liwonde, ndipo akabwera aphunzitsi ankakhala nawo pakhonde kuwawerengera Chingerezi. Ine ndinkanunkhiza masitampa. Ndinaona nyumba zokwiririka ndi zinthu zoyera ngati ufa, ndinaona mlatho wopanda munthu ndi mmodzi yemwe, ndinaona agogo ena atakhala pampando galu atagona pamapazi awo.

Anthu aja ankawapatsanso amalume mapepala ndi mankhwala, chifukwa kwathu kunalibe. Polemba sankavutika ndi dzina lawo lalitali, ankangowatchula kuti mnzathu wa ku Malawi. Amalume ankakondwa nazo kwambiri. Ankakonda kunena kuti m'gulu lonselo Malawi ndi iwo okha, ndipo akapanda kutumiza, ndiye kuti chaka chimenecho dziko lathu kulibe. Asodzi ankawaseka, ankawatcha Che Chitini. Iwo ankangoseka nawo.

Apa ndinene chimene panthawiyo sindinkachidziwa. Mayi ndi amalume sanabadwire tsidya lino. Anawoloka nyanja pabwato ali achinyamata, kuchokera ku Mozambique, nkhondo isanafike poipa. Kwa anthu a kunyanja zimenezo sizinali nkhani. Tsidya lino ndi tsidya lija tinkalankhula Chiyao chimodzi, tinkadya mlamba umodzi, maliro tinkayenderana. Palibe amene anawafunsapo pepala. Ine ndinkangodziwa kuti mayi ndi mayi, ndipo kwathu ndi kwathu.

Chaka china mvula itangosiya, nkhondo ya tsidya lija inakula. Mabwato ankafika m'mawa atadzaza anthu, ena atanyamula mphika umodzi, ena khasu, ena opanda kanthu. Ndimakumbukira mapazi awo otupa ndi ana osalira. Pasanapite nthawi kunayamba kubwera lole ya anthu a boma. Ankati akusonkhanitsa onse ochokera tsidya lija kuti awapititse ku kampu, ndiponso akufunafuna akazitape amene alowa pakati pa othawa. Vuto linali lakuti sankasiyanitsa wobwera dzulo ndi wobwera kalekale. Ukangolozedwa chala kuti unabadwira uko, unkakwera. Akuluakulu anayamba kulankhula motsitsa mawu, ndipo ife ana tikayandikira ankasintha nkhani.

Masiku omwewo amalume anajambula padoko, pomwe azimayi ankagulitsa nsomba. Anatilola ana angapo kulowa nawo m'chipinda chimene ankatsukiramo zithunzi. Anatseka zenera ndi bulangete, pakhomo anapachika mphasa, ndipo tochi anaikulunga ndi kansalu kofiira. Munkanunkha fungo lowawasa lolowa mpaka kukhosi. Pepala loyera analiviika m'mbale, ndipo tikuona ndi maso athu zinthu zinayamba kutuluka zokha: mabwato, thandala la matemba, mtengo wa pa doko. Thambo linatuluka lakuda bii, nkhope za asodzi zoyera ngati mizukwa. Amalume anati tisaope, loyambalo limatuluka mozondoka, akaligunditsa ndi pepala lina zonse zibwerera m'malo.

Zinabwereradi. Koma panali mayi wina wogulitsa makumba, amene tonse tinamuona ali pamenepo tsiku lojambulalo. M'chithunzimo munali dengu lake, munali nsomba zake, munali ngakhale mwala umene ankakhalira. Iye munalibe. Amalume anafotokoza kuti chitini chili ndi diso laulesi, chimaona chokhacho chimene chadikira, ndipo mayiyo ankangonyamukanyamuka kuitanira ogula. Tinavomera. Sabata yomweyo lole inabwera n'kumutenga.

Kuyambira tsiku limenelo palibe mwana amene anakhulupirira za diso laulesi. Tinagwirizana tokha kuseri kwa sukulu kuti chitini cha amalume chimadziwa amene atengedwe, ndipo chimayamba kumuchotsa papepala lole isanafike. Ana amaganiza choncho, amalumikiza zinthu ziwiri zimene zachitika motsatana, ndipo palibe wamkulu angawamasule. Anzanga anasiya kudutsa pakhomo pathu. Ine ndinalibe kothawira, chifukwa chitinicho chinkakhala pashelefu pamwamba pa mphasa yanga.

Tsiku la gulu lija litayandikira, aphunzitsi anabwera kudzawaletsa amalume. Ndinali kuseri kwa nkhokwe ndikusenda chinangwa, ndinamva zambiri. Anati ino si nthawi yotumiza zithunzi kunja, maenvulopu amatsegulidwa m'njira, ndipo munthu wolandira makalata a mayiko ambiri chonchi anthu amamuyang'ana kawiri. Amalume anayankha kuti sajambula mlatho wa ku Liwonde kapena njanji, ajambula pakhomo pawo. Anatinso maenvulopu omwewo ndiwo mboni yawo, chifukwa dziko lonse lapansi likuwalembera kuti ndi a ku Malawi. Aphunzitsi anati, "Achimwene, amene akubwera pa lole sawerenga zimenezo."

Amalume anajambulabe. Linali tsiku lowala, mpunga uli poyanika. Anakhazika chitini pamtondo wozondotsa, moyang'ana khomo la nyumba. Anandiimika pafupi ndi mzati wa khonde, n'kundiuza kuti ndisagwedezeke ngakhale ntchentche itere pamphuno. Anachotsa mphira, n'kuthamanga kudzakhala pansi pambali panga, kapu ya tiyi ili m'manja. Tsiku limenelo tiyiyo sanamwe, kuopa kugwedeza mkono, anangomvera kuzizira kwake m'manja. Mayi anali atakana kale, amvekere ashehe sakondwera ndi zithunzi. Koma sanachoke. Anatenga lichero n'kumalowa ndi kutuluka pakhomo pomwepo, kukatapa mpunga, kubwera nawo, kubwereranso, osaima ngakhale pang'ono. Ndinkamva nsalu yawo ikundikhudza kumsana akamadutsa. Ndinadikira kuti amalume awakalipire monga ankakalipira aliyense wogwedezeka. Sanawakalipire.

Chithunzi chitatuluka, ine ndinalimo, maso ali tong'o. Amalume analimo ndi kapu yawo. Mbuzi imene inagona pamthunzi inalimo. Pakhomo pomwe mayi ankadutsa panali kautsi kotuwa basi, ngati munthu wapumira pagalasi.

Sindinalire pamaso pawo. Ndinatuluka n'kukasanza kuseri kwa bafa. Kuyambira pomwepo sindinawasiye mayi. Akapita kumjigo ndinali pambuyo, akapita kudimba ndinagwira nsonga ya chitenje chawo, kusukulu ndinkathawa nthawi yopuma kudzaona ngati akadalipo. Ndikamva injini iliyonse, ngakhale ya chigayo, ndinkathamangira kwa mayi. Chakudya chinkandikanika. Mayi anandifunsa chimene chikundivuta, koma ndinkaopa kuti ndikachitchula ndiye kuti ndachiitana. Anandigwira pamphumi, n'kunena kuti mwina ndi malungo.

Lole inafika dzuwa lili paliwombo. M'mawa wa tsiku limenelo mayi anandikakamiza kupita kusukulu, ndipo nditathawa n'kufika kunyumba sindinawapeze. Patapita zaka ndi pamene ndinamva kuti aphunzitsi anatumiza mawu, mayi n'kukabisala m'bango pamodzi ndi amayi ena. Amalume anakana kubisala. Ndinawapeza atavala malaya awo oyera a Lachisanu, maenvulopu onse atawasanja pamphasa pakhonde ngati malonda.

Anatsika amuna atatu. Wamkulu wawo anali ndi chipewa ndi ndodo yaifupi. Anati amva kuti pano pali munthu wa tsidya lija amene ali ndi makina otumizira uthenga kunja. Amalume anawapatsa chitini. Munthuyo anachitsegula atachitalikitsa ndi nkhope, anasuzumira, anachigwedeza, anapeza mulibe kanthu, n'kuchiponya pansi. Chinagubuduzika mpaka pamapazi anga. Kenako amalume anayamba kuwaonetsa maenvulopu limodzilimodzi, chala chili pa mawu akuti Malawi. Munthu wa chipewa sanayang'ane pomwe ankalozapo. Ankayang'ana masitampa, n'kumafunsa kuti munthu wamba wa kunyanja amadziwana bwanji ndi mayiko onsewa. Anauza anzake kuti atole zonse.

Anthu a m'mudzi anali ataima patali. Aphunzitsi analipo, manja ali kumbuyo. Wa chipewa uja anatola chithunzi cha pakhomo pathu, chimene chinatsala amalume atatumiza zinazo, n'kufunsa kuti m'nyumba muno mumakhalanso ndani. Amalume anati monga mukuonera pamenepo. Munthuyo sanakhutire. Anawerama, nkhope yake inafika pafupi ndi yanga, ndinamva fungo la fodya.

"Iwe mwana, mayi ako ali kuti?"

Ndinayang'ana chithunzicho m'manja mwake, ndinayang'ana khomo lopanda munthu. Ndinali nditawafunafuna kale kumjigo ndi kudimba osawapeza. Zimene ndinaopa masiku onse aja ndinaona kuti zachitika. Ndinaloza pa kautsi kaja n'kunena kuti, "Mayi kulibe. Anachoka kalekale, onani." Ndipo kulira konse kumene ndinkasunga kunatuluka nthawi imodzi, mpaka ndinagwa pansi.

Munthuyo anaweramuka. Anayang'ana anthu aja, ndipo palibe amene anamuuza zoona. Anaganiza kuti ndine wamasiye. Anandiponyera chithunzicho pamiyendo, n'kunena kuti pepa, wina amutenge mwanayu. Sindinaname tsiku lija, ndinanena zimene ndinkakhulupirira. Ndikanadziwa kuti ali m'bango, sindikudziwa ngati pakamwa panga pakanatha kusunga.

Amalume anakwera lole okha, osakankhidwa. Ali pamwamba anandiuza kuti nditole chitini chisachite dzimbiri. Mayi anatulukira madzulo, matope mpaka m'chiuno, miyendo itachekedwachekedwa ndi bango. Nditawaona ndinakuwa, ndinkayesa mzukwa. Anandigwira mwamphamvu mpaka ndinamva kuti ndi thupi.

Nkhondo itatha, a ku kampu ambiri anabwerera, ngakhale mayi wa makumba uja tinamuonanso padoko. Amalume sanapezeke. Ku kampu anati sanafikeko, anatsitsidwa panjira chifukwa nkhani yawo inali ina. Aphunzitsi anayenda m'maofesi mpaka nsapato zinatha, osamva kanthu. Maenvulopu anapitiriza kufika kwa kanthawi. Limodzi aphunzitsi anatiwerengera. Anthu a zitini aja ankafunsa ngati mapepala atha, kuti atumize ena, chifukwa chaka chotsatiracho zithunzi zonse zinafika koma Malawi sanaoneke. Mayi anapempha aphunzitsi kuti asayankhe.

Mayi anamwalira dzinja lapitali, kuno ku Rivirivi kumene ndinakwatiwa. Moyo wawo wonse sanaime kutsogolo kwa kamera. Ngakhale nthawi imene aliyense ankajambulitsa chiphaso, iwo anati miyendo ikuwawa. Maliro atatha, mwana wanga wamkazi anandipempha chithunzi cha agogo ake kuti asunge mufoni. Ndinamutulutsira chokhachi. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandionetsa kuti anthu a zitini akadalipo, masiku ano amaika zithunzi zawo mufoni momwemo, aliyense ndi kambendera ka kwawo pambali pa dzina. Ndinamuuza kuti afufuze kathu. Anatsitsa ndi chala osakapeza mpaka ine maso anatopa, ndinamuuza kuti asiye.

Ndimachiyang'anabe chithunzicho. Ndimaona kamtsikana kataima chilili, kakuyesetsa kuti kasaphethire, kakudabwa kuti bwanji amalume sakuwakalipira mayi. Chithunzi chitatuluka kankaganiza kuti chitini chawakana mayi. Sikakanadziwa kuti awiriwo anali atagwirizana kale: mmodzi akhale phee kuti dziko lonse limuone kuti ndi wa kuno, winayo ayendeyende kuti asaoneke, n'cholinga choti lole ikadzabwera patsale wina wondilera.