Tsiku lomwe ndinakhala pa diso la kasupe

Lemba, Tiyamike, ndipo ulembe mmene ndikuyankhuliramu, usakonze. Sukulu sindinaipondeko, koma pakamwa panga palibe chilema.

Ntchito yanga yoyamba yolembedwa ndinaipeza ndili kale ndi imvi. Moyo wanga wonse ndinali munthu wa khasu, kulima chimanga, nyemba ndi kachewere kumunsi kwa phiri la Dedzali. Agogo ako aamuna atatisiya, tauni inali itayamba kale kukwawa kubwera kuno. Mlongo wanga, Mulungu amukhululukire, anagulitsa munda wa amayi athu osandifunsa, anthu n'kuudula mapuloti. Ine ndinatsala ndi kadimba kakang'ono kumunsi kwa kasupe. Mpiru wanga, matimati anga, anyezi, zonse zimamwa pamenepo. Popanda kasupe ameneyo ndinalibe kanthu.

Amene anandiuza za ntchito ndi aNachisale, mnzanga wa dimba loyandikana. Akuti, "Pamunda wanu uja pakuumbidwa njerwa. Bwana wina wa ku Lilongwe akufuna kumanga nyumba ya alendo. Akufuna azimayi otunga madzi. Tiyeni, manyazi sadyeka." Ndinavala mpango wanga, n'kutenga ndowa, ulendo. Taganiza, kukapempha ntchito pamunda pomwe ndinapalirapo ndili namwali!

Kapitao wake anali a Jailosi, munthu wa m'tauni, wa chipewa chosavula ngakhale popereka moni. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Agogo, ndowa muikwanitsa?"

Ndinati, "A kapitao, ine ndinayamba kusenza ndowa amayi anu asanavinidwe."

Amuna onse a m'nkhuti, dzenje lokumbamo dothi la njerwa, anaseka, iwonso anaseka, basi ndalembedwa. Tinali azimayi asanu ndi mmodzi.

Anthu amaona khoma n'kumayesa njerwa ndi dothi. Njerwa ndi madzi, mwana iwe. Amuna amakumba dothi m'nkhuti, dzenje lija, ndi makasu ndi piki. Madzulo ife timathirapo madzi kuti dothi ligone lonyowa. M'mawa amaliponda ndi mapazi, ife tikuthirabe, mpaka lifewe osatsala mbulu. Woumba amaviika chikombole m'madzi, n'kuponyamo matope mwamphamvu, phwa! Asalaze ndi dzanja, athamange nacho pabwalo, akhuthule. Aviikenso. Njerwa zaziwisi timazifunditsa udzu, apo ayi dzuwa limazing'amba. Zikauma amazisanja uvuni, kusiya makomo pansi olowetsera nkhuni, kumata kunja ndi matope, ndiye kuotcha. Paliponse pamenepa madzi. Panali migolo itatu, ndipo lamulo la a Jailosi linali limodzi: "Mgolo ndisauone pansi pake."

Tinayamba mu Juni, kutunga pakasupe n'kukwera nawo kumunda kuja. Iwe ukuidziwa mphepo ya kuno. Nkhungu ili mbuu, manja ouma gwa, mapazi ong'ambika, ndowa pa nkhata, chitunda chili apo. Ukafika pamwamba madzi akudontha m'khosi mpaka kumsana. Kutsika, kukwera, kutsika, kukwera. Maulendo sindinkawerenga, bondo ndi limene linkawerenga.

Tsopano ndikuuze za kasupeyo, chifukwa iwe unamupeza atadwala kale. Amatulukira pansi pa mtengo waukulu wa katope, pakati pa mizu. Pamene madzi amabwatukira timati pa diso. Pa diso sipalowa ndowa. Umagwada, n'kumatunga ndi chikho pang'onopang'ono, kuthira m'ndowa ili pambali. Ndowa zimaviikidwa kumunsi, pomwe madzi amasonkhana. Ndipo pa diso sipafika khasu. Kamodzi pachaka, mvula isanagwe, azimayi timapakapa ndi manja, kuchotsa masamba ndi matope, basi. Amayi anga anandiphunzitsa choncho, iwonso anaphunzitsidwa choncho. Mumtengomo munali chisa cha nantchengwa, chachikulu ngati dengu. Pansi pa miyala nkhanu. Achule akayamba kuimba, munthu sumamva mnzako.

Kumtunda kwake kunali thengo. Masuku, mitsamba, mombo. Mvula ikagwa timakazula bowa, nyengo yake timatola mphalabungu, m'mawa nkhwali zikulira. Zonsezo ndinaziona zikutha ndili ndi ndowa pamutu. Uvuni sudya tinkhuni ta kukhitchini ayi, umadya zipika, mtengo wathunthu. Ndipo sanali bwana wathu yekha. Puloti iliyonse nkhuti yake, uvuni wake. Anayamba ndi mitengo ya pafupi, kenako ya kumtunda, kenako anayamba kuzula ndi zitsa zomwe. Anyani atasowa masuku anatsika kudzathyola chimanga m'minda, anthu n'kumati anyani a masiku ano ndi amwano. Amwano ndani? Iwe atakugwetsera nkhokwe sungakadye kwa mnzako?

Pofika Okutobala kasupe anachepa. Chaka chilichonse amachepa nyengo imeneyo, koma chaka chimenecho ankangodontha ngati mphuno ya mwana. Ndowa imodzi kudikira mpaka miyendo kuwawa. Migolo inayamba kuoneka pansi. Bwana wa ku Lilongwe ankaimba foni m'mawa, kuimba masana, akuti njerwa zipse mvula isanabwere. A Jailosi chipewa chinayamba kuwathina.

Tsiku lake linali Lachinayi, dzuwa lili phwee. Tili pamzere ndi ndowa zathu, tinangoona a Jailosi akutsika ndi amuna awiri. Mmodzi wanyamula piki ndi khasu, winayo nkhwangwa. Wa nkhwangwayo anali a Fanuwelo, a m'mudzi mwathu momwemuno.

A Jailosi akuti, "Amayi, tapatukani. Tikumbe apa pakule, muzingoviika ndowa. Mtengowu tigwetse, ukumwa madzi athu, komanso uvuni ukusowa zipika."

Ndinayesa akuseka. Ndinati, "A kapitao, mwati mukumbe pati?"

"Pomwe pakutuluka madzipo."

Ndinawafotokozera bwinobwino, mwaulemu. Ndinati pansi pa diso pali dongo loyera lokhala ngati mbale, ndi limene limagwira madzi. Mukaliboola ndi piki, madzi amathawira pansi, sabweranso. Ndinaziona ndi maso anga ku Kaphuka, kwa azakhali anga. Anyamata anakumba kasupe kuti amwetse ng'ombe, sabata isanathe panatsala dzenje la fumbi. Ndinati katopeyo sakuba madzi, ndi amene akuwasunga, mizu yake ndi imene yagwira gombe.

Iwo akuti, "Agogo, zimenezo ndi za makolo. Dzenje lalikulu, madzi ambiri. Ngakhale mwana akudziwa."

"Ndiye mukafunse mwanayo kuti madimba onse ali kumunsiwa azimwa chiyani."

"Ine sindinalembedwe za madimba. Fanuwelo, yamba."

A Fanuwelo anatema. Kha! Kha! Kha! Katatu. Nantchengwa anatuluka m'chisa n'kuthawa. Wa piki uja anayamba kupinda buluku. Ine sindinaganize ayi, ndisakunamize kuti ndinaganiza. Ndinangotula ndowa, n'kukwinya chitenje, n'kulowa pakati pa mizu, n'kukhala pansi pa diso penipeni. M'madzi! Amazizira madzi amenewo ngakhale mu Okutobala, ndinamva mpaka m'mano. Msana ndinatsamira pamtengo, pansi pomwe pa bala la nkhwangwa.

Ndinati, "Kumbani. Muyambe ndi ine."

A Jailosi anavula chipewa, koyamba kuwaona mutu.

"Amayi, tulukani apo. Malo ano ndi anu?"

"Si anga. Ndi anu?"

"Mukudziwa kuti ntchito yatha?"

"Ndamva. Yatha ndi ntchito, ine sindinathe."

Anauza wa piki kuti andinyamule. Munthu uja anayang'ana ine, n'kuyang'ana imvi zanga, n'kunena kuti, "Bwana, ine kwathu sitigwira apongozi a anthu." Sindinali mpongozi wake, ngakhale dzina lake sindimalidziwa, koma Mulungu amudalitse komwe ali. A Jailosi anatembenukira kwa a Fanuwelo. Iwo ali kalikiliki kugogoda nkhwangwa pamwala, akuti, "Yaguluka mpini, a kapitao. Ingavulaze munthu." Nkhwangwa ili bwinobwino! Akazi awo dimba lawo linali lachitatu kuchokera pa langa, amadziwa chimene akanakachipeza kunyumba.

Koma chimene chinandiwawa ndi azimayi anzanga. Onse anangoyang'ana pansi. Sindikuwada, anali ndi ana ang'ono, ntchito imeneyo ndi imene imagula ufa. A Jailosi anawauza kuti, "Inu viikani ndowa kumunsiko, muzipita. Dothi likuuma." Mmodzi anawerama kuti atunge. Ndinati basi, ndikhala ndekha muno mpaka ndiume ngati chule.

Ndiye aNachisale, munthu wamantha, woti akaona nyongolotsi amakuwa, anatenga ndowa yawo n'kuivundikira pansi, n'kukhalapo. Akuti, "Ine bondo landigwira." Wina naye anavundikira yake. Winanso. Mpaka uja anawerama uja anakhuthula madzi ake n'kukhala. Ndowa zisanu, zonse chadodolido, azimayi atakhalapo ngati ali pa mlandu.

A Jailosi anakalipa, anaopseza, anatchula apolisi. ANachisale akuti, "Akabwera atipeza pompano, sitithawa." A Jailosi anaimbira bwana wawo, akuyenda uku ndi uku, dzanja lili m'mwamba. Kumtunda dothi lomwe amuna anaponda m'mawa linali likuuma m'nkhuti, oumba atakhala pa zikombole, akuitana madzi. Pamenepo ndi pomwe a kapitao anadziwa kuti pantchito yonse ija, piki, wilibala, foni, bwana wa ku Lilongwe, zonse zimayenda pamitu ya azimayi asanu ndi mmodzi.

Ndinakhala m'madzimo kuyambira dzuwa lili apa mpaka litapendeka. Miyendo inafa, sindinkaimva. Nkhanu ina inandiyenda pa mwendo, ndinangoisiya, ndinati ndi kwawo. Azimayi a m'madimba atamva anabwera, ena ndi makasu awo, n'kungoima. Panalibe wotukwana. Kungoima.

Madzulo a Jailosi anabwerera ali ofooka. Akuti bwana wanena kuti alembe ngolo ya ng'ombe izikatunga kumtsinje ndi migolo, zipika akagula kwina. Kenako anandiloza. "Ena nonse mawa mubwere, muzidzafunditsa njerwa. Koma agogo awa ndisawaonenso." Anandidzutsa anthu awiri, sindimatha kuima. ANachisale anandibereka theka la njira, tikuseka ngati ana.

Chaka chimenecho chinandipweteka, usalembe ngati zinali zokoma. Anthu a mapuloti anauzana kuti gogo uja ndi wovuta, palibe anandilembanso. Bondo lakumanzere silinachire mpaka lero. Mu Febuluwale ndinkadya nkhwani wopanda kanthu, masiku ena kugona ndi madzi. Mlongo wanga anabwera kudzandiuza kuti ndachititsa manyazi mtundu. Ndinamuuza kuti akakhale pa khonde la nyumba ya alendo ija, amupatse tiyi, poti ndi munda wake. Koma dimba langa linamwa. Madimba onse anamwa. Mpiru umenewo ndi umene unandiwolotsa.

Ndipo usandipange woyera. Miyezi isanu ndinasenza madzi omwe anaumba njerwa zomwe zinadya thengo lija. Bowa anatha ndi thandizo la mutu wanga womwewu. Lero kumtunda kwa kasupe kuli nyumba zokhazokha, iliyonse ndi chimbudzi chake, mvula ikagwa majumbo amatsika ndi madzi. Sitimwanso pamenepo, timangothirira. Nantchengwa sanabwererenso. Nkhwali iwe unazimvapo? Sunazimvepo. Achule atsala ochepa, amaimba ngati kwaya ya pa maliro a munthu wosauka. Chimene ndinapulumutsa ndi chochepa, mtengo umodzi ndi diso limodzi. Koma madzi akutulukabe.

Chimene ndinaphunzira pa ntchito imeneyo ndi ichi, ndipo ulembe ndi zilembo zazikulu: wokulemba ntchito wagula thukuta lako, sanagule maso ako. Ukaona chinthu chikuphedwa, usamati ndine wotunga madzi chabe. Amakuchotsa, inde. Njala imabwera, inde. Koma imapita. Kasupe akapita sabwera.

Mwezi wathawu kunabwera anthu ena ndi tepi yoyezera, ovala nsapato zonyezimira, n'kukhoma chikhomo chopaka utoto wofiira masitepe asanu kuchokera pa katope. Akuti pakhala puloti. Sanafunse munthu aliyense wa m'madimba. Ngati akuchifuna chikhomo chawocho, lemba kuti chili m'dimba mwanga, ndamangirirapo matimati. Abwere adzachitenge okha, adzandipeza.