Mbedza Makumi Awiri za pa Bua

Chimene ndimakumbukira choyamba ndi kachidutswa ka chiwale, kotalika ngati mkono wanga wa nthawi imeneyo, kodzaza timabowo. M'menemo ndi momwe amalume ankabaya mbedza zawo makumi awiri kuti zisakolane.

Amalume anabwera kuchokera ku mafamu a fodya ku Chipata kudzaika maliro a amayi. Abambo anali atapita kale ndili wakhanda. Titameta, anthu onse anabalalika, koma iwo anatsalira kwa agogo ku Kapondo. Tsiku lina ndinawafunsa ngati adzanditenge pobwerera. Anati, "Uyambe wadziwa kuvuula chingwe, mphwanga. Tiona." Mawu amenewo ndinawasunga ngati lonjezo.

Inali nthawi yokumba mtedza, madzi a Bua atayamba kuphwera. M'mawa tinkanyamula chingwe chachitali, tinkaika nyongolotsi pa mbedza iliyonse, n'kuchimanga pa tsinde la mkuyu. Amalume ankawoloka nacho dziwe, madzi akuwalekeza m'chifuwa, kukamanga kumabango a tsidya. Dzuwa likapendeka tinkabwerera kukavuula.

Kuvuulako ndiye kunali ntchito. "Usachikulunge padzanja, chidzakudula zala." Umakoka pang'onopang'ono, dzanja ili kenako ili, ndere zikuterera m'zala. Mbedza ikatuluka yopanda kanthu, umaibaya pachiwale usanakokenso. Chingwe chikanjenjemera umadziwa kuti pali mlamba. Ukakoka iwo, iwe umaulekerera, ukatopa, umaubweretsa. Pougwira umapanikiza kuseri kwa mutu, kupewa minga ya m'mbali. Tsiku loyamba munga unandibaya pachikhatho, ndipo sindinalire, poopa kuti angaganize kuti mwana wolira sangakhale ku Zambia.

Lero ndimaona kuti ankandifulumizitsa kwambiri. Munthu wophunzitsa mwana wa zaka khumi sakhala ndi changu chotero ngati alibe kwina kumene mtima wake wapita kale.

Patatha milungu ingapo anakhala pamtunda manja ali m'khwapa, n'kundisiya ndivuule ndekha. Sindinakoletse mbedza ngakhale imodzi. Milamba inayi inkaphiriphitha m'chidebe, fungo la matope lili thupi lonse. Kunyumba anauza agogo kuti, "Amayi, mwanayu wakhwima. Ndiwo simudzasowa." Agogo anapitiriza kutongola chimanga osadzutsa mutu, ndipo ine ndinkadabwa kuti bwanji sakusangalala nane.

Madzulo omwewo ndinachapa malaya anga a kusukulu, ataumako ndinawapinda m'jumbo n'kuwabisa kuseri kwa nkhokwe.

Kutacha amalume anati, "Pita ukatchere wekha lero. Usawoloke, umange m'mbali momwemu." Ndinathamanga. Ndinaika nyongolotsi mosamala kuposa masiku onse. Pobwerera ndinapeza mphasa yawo yapindidwa, nsapato zawo palibe. Pabwalo panali mzere wa matayala a njinga ya kabaza wolunjika kumsewu wa kuboda.

"Apita," anatero agogo. "Anati ungalire ukawaona akupita."

Dzuwa litapendeka ndinapitabe kumtsinje. Ndinavuula monga anandiphunzitsira, osakulunga padzanja, osathamanga, ndikucheukacheuka kumkuyu kuja. Ndinkaganiza kuti mwina pali pamene ndinalakwitsa, kuti ndikakonza adzabwera kudzanditenga. Sindinkadziwa kuti sindinalakwitse paliponse, ndi kuti tsiku limene ndinavuula bwino ndi limene linawamasula kuti apite.